Nkhanu za Lolemba la Pasaka

Nkhanu zinali m'migolo kuseri kwa khitchini kuyambira pakati pa Lenti. M'mawa uliwonse mayi Léocadie akachokera ku Misa ankapita kukaziona asanavule n'komwe nsapato za kutchalitchi. Ankazigwetsera chimanga, kokonati wopala, mango ogwa okha ndi tsabola pang'ono, kenako n'kuzisinthira madzi. Nkhanu ya kumtunda imadya chilichonse chimene yapeza m'matope, ndiye munthu wanzeru saiphika tsiku lomwe yakodwa. Imayamba yayera m'mimba, inenepe, mnofu wake utenge kukoma kwa zimene wakhala ukuidyetsa. Iwo ankaima pamenepo kanthawi, kumvetsera zala za nkhanuzo zikukanda m'mbali mwa mgolo, n'kunena chamumtima kuti, "Ambuye, mwatipatsanso."

Malo awo odyera anali khonde lamalata chabe pagombe la ku Vauclin, matebulo owerengeka, mabenchi opaka utoto wobiriwira, khitchini kumbuyo. Chikwangwani chinauluka ndi mphepo yamkuntho zaka zapitazo ndipo sanachibwezeretse, poti panalibe amene ankasochera. Pa Lolemba la Pasaka chilumba chonse cha Martinique chimatsikira kunyanja ndi miphika ya matoutou, mpunga wophikira mumsuzi wa nkhanu, banja lililonse ndi mphika wake. Kwa mayi Léocadie kunkabwera otsala: asodzi amene akazi awo anamwalira kapena kuwathawa, anamwino oweruka kuchipatala, nkhalamba zimene ana awo onse ali ku France. Anthu amenewa ankadziwa kuti tsiku limenelo nawonso ali ndi benchi lawo.

Chaka chino sizinkadziwika ngati mabenchiwo adzaonanso Pasaka wina. Mu Novembala mayi Léocadie anagwa m'khitchini mthiko uli m'manja, n'kukatsitsimukira kuchipatala. Mwana wawo wamkazi Ginette, amene ankagwira ntchito mumzinda wa Fort-de-France, anawakonzera chipinda m'nyumba mwake, pamwamba pa nyumba yosanja, ndi bedi latsopano ndi zenera loyang'ana pamsewu. Anakangana mwaulemu kwa masiku angapo mpaka anagwirizana chimodzi.

"Ndidzabwera pa Lolemba la Pasaka," anatero Ginette. "Ndikadzapeza zonse zili ngati kale, nkhaniyi sindidzaitchulanso. Koma ndikadzaona kanthu kalikonse kolakwika, Amayi, tidzatseka chitseko ichi limodzi ndipo mudzakwera galimoto. Mwavomera?"

"Udzabwere ndi njala," anayankha mayi ake, n'kusiyira pomwepo.

Miyendo inabwerera. Dzanja lamanzere, limene poyamba linkagwetsa makapu, nalonso linabwerera moti pofika Khirisimasi linali likusenda adyo ngati kale. Chimene sichinabwerere ndi lilime ndi mphuno. Khofi ankangomveka kutentha. Ndimu ankangomveka kunyowa. Anyezi akamapsa m'mafuta iwo ankaona ndi maso, kumva ndi makutu, koma fungo ayi. Nkhaniyi anaiuza Mulungu yekha, ndipo ngakhale Iyeyo sanamutopetse nayo. Ankadziwa kuti manja amene aphika moyo wonse sasowa muyeso wa mchere. Ankawakhulupirira manjawo, ndipo kawirikawiri sankawanamiza.

Pamene ankaphonya, panali a Sidoine.

A Sidoine anali mng'ono wa malemu amuna awo, msodzi wowonda wosavula chipewa chake cha mlaza, ndipo nkhanu za m'migolo zija anakola ndi iwowo m'misampha yawo yamatabwa. Kwa zaka zambiri ankadya pakhonde lija osanena kanthu kupatula "zikomo alamu" ponyamuka. Tsiku limene mayi Léocadie anatsegulanso malowo atachira, a Sidoine anamwa msuzi wa nsomba, n'kuika supuni pansi, n'kuwayang'ana alamu awo nthawi yaitali. Mbale anamaliza yonse. Mawa lake anabwera molawirira, anthu asanafike, n'kukhala pakhomo la khitchini, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasanduka munthu wamwano.

Loweruka Loyera anafika monga mwa masiku onse, akukoka phazi.

"Alamu, lero mwaphika chiyani choti chitiphe?"

"Choti chiphe inu sichinaphikidwebe. Mowa wanu wa ramu walephera, ndiye ine ndingathe?"

"Tandipatsani ndilawe, ndife ndikudziwa chondipha."

Anawatungira msuzi pakambale. A Sidoine anamwa, n'kukwinya nkhope ngati aluma mwala.

"Mchere munabwereketsa kwa yani? Kapena mukuusungira maliro anga?"

"M'kamwa mwanumo munafa kale ndi fodya."

"Nanga ndimu? Mtengo uli apowu ukuchita kuthyoka, inu n'kumangouyang'ana ngati chithunzi cha woyera. Finyanimo theka. Theka lokha alamu, osati muchite kusamba naye."

Mayi Léocadie anang'ung'udza, natsina mchere, nafinya theka la ndimu. A Sidoine analawanso n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Aa, bola. Galu akhoza kudya."

Mawu amenewo akamveka, ndiye kuti chakudya chafika pake. Umo ndi mmene zinkakhalira tsiku ndi tsiku. A Sidoine sanafunsepo kanthu, ndipo mayi Léocadie sanafotokozepo kanthu. Pa korona wa madzulo mayiwo ankawaikira a Sidoine Tikuoneni Maria wawowawo, osawauza, kuopa kuti angayambe kudzimva.

Lolemba mayi Léocadie anadzuka kukungoyera. Nkhanu anazitsuka ndi burashi imodziimodzi, kuzipha, kuchotsa zigoba, kuphwanya zala ndi msana wa chikwanje kuti msuzi ulowe, n'kuziviika mu ndimu ndi adyo. Moto anasonkha wa nkhuni panja, pamafuwa, poti mphika wa tsiku limeneli sukhala pa gasi. Mafuta atatentha anathiramo anyezi, tomato, chikasu ndi masamba onunkhira, kenako nkhanu, zimene zinayamba kufiira zikungokhudza pansi pa mphika. Ntchito inkayenda yokha. Dzanja linkapita ku mbale yoyenera mwini wake asanaganize. Ankaimba chapansipansi Aleluya wa dzulo lake, ndipo m'mtima mwawo munalibe mantha ngakhale pang'ono.

A Sidoine anatulukira dzuwa lisanakwere, atavala malaya ochapa. Tsiku limenelo bwato lawo linali loolotsa mabanja kupita ku tizilumba, ndipo ankayembekezera kubwerako chakumadzulo.

"Fulumirani alamu, anthu akundidikira. Lero ndine munthu wofunika."

"Mwayamba liti?"

Analawa. Anayang'ana nthunzi.

"Mchere kachikhatho kamodzi. Eya, kameneko. Basi, musakhudzenso chilichonse. Mwana akufika nthawi yanji?"

"Anati masana."

"Adzanyambita mbale ameneyo." Kenako anakumbukira khalidwe lawo, natsokomola. "Poti ana a m'tauni sadziwa chakudya. Ungawapatse nsapato yophika, akuthokoza."

Anatsetserekera kugombe, ndipo posakhalitsa injini ya bwato inamveka ikutalikira.

Chinatsala ndi tsabola. Mayi Léocadie anakathyola awiri kuseri kwa nyumba, ofiira, onenepa, a mtundu uja umene dzina lake anthu aulemu satchula patebulo. Tsabola ameneyu sadulidwa. Amaikidwa wathunthu pamwamba pa msuzi kuti apereke fungo lokha, ndipo amachotsedwa asanafewe. Akaphulikiramo, mphika wonse umasanduka moto. Kale mphuno ndi imene inkawauza nthawi, poti fungo limasintha, limayamba kunga la chipatso chakupsa. Tsopano anali ndi muyeso wina. Ankaika tsabola n'kutulutsa korona m'thumba la epuloni. Akamaliza zigawo ziwiri, tsabola wathanso ntchito yake.

Anali pakati pa chigawo choyamba pamene galimoto inaima kuseri kwa mpanda. Ginette anali atalawirira.

"Amayi! Chimphika chonsechi anakuikirani pamoto ndani?"

"Angelo. Bwera kuno ndikuone. Wawonda."

"Sindinawonde. Mankhwala mwamwa?"

"Ndamwa."

"Onse? Ndi aja oyera aja?"

"Ginette, moni sunandipatse."

Ginette anaseka, nagwetsa zikwama, nawakumbatira mayi ake mwamphamvu. Kenako anawakokera m'nyumba kuti aone zimene wabweretsa. Munali buledi wa batala, makandulo a kumanda kwa atate ake, ndi nsapato zofewa zakuda. Mayi Léocadie atazivala anazindikira kuti yakumanzere inali yotakasuka pang'ono kuposa inzake. Mwanayo anali atakumbukira phazi limene limatupa, n'kupita nayo kwa wosoka kuti aifutukule, ndipo sanatchule n'komwe. Anayenda nazo kuchoka pakhomo kufika pazenera n'kubwerera, akumva kukoma mumtima. Anafunsa za kuntchito, za mnzake wa Ginette amene anali woyembekezera, za denga lija linkadontha. Korona anali atabwerera m'thumba.

Atakumbukira za tsabola uja sanathamange, poti Ginette akanaona. Anatuluka bwinobwino, natenga chipande. Tsabola woyamba anatuluka atafota koma wathunthu. Wachiwiri sankaoneka. Anafufuza mofatsa pakati pa nkhanu, ndipo chimene chinabwera pachipande chinali khungu lokha, long'ambika pakati. Timbewu toyera tinali tikuvina m'mafuta, kuzungulira mphika wonse.

Anatunga msuzi pang'ono, nauzira, namwa.

Kwa nthawi yoyamba chichokereni kuchipatala, m'kamwa mwawo munachitika chinthu. Lilime linayaka. Milomo inayaka. Moto unatsika kummero n'kukwera kumphuno, misozi n'kulengeza m'maso. Ndipo iwo anakondwa. Anatseka maso ataima pomwepo pa utsi, chipande chili m'manja, n'kunena kuti, "Zikomo Ambuye, ndiye kuti silinafe lonse." Anafuna kumwanso.

Kenako nzeru zinabwerera. Ngati lilime logona lamva chonchi, nanga lamoyo? Anaganiza za anthu odzadya aja: za a Théodule ndi zilonda zawo za m'mimba, za mayi Eulalie amene anali atatsala mafupa okhaokha, za anamwino amene ankabwera ndi ana. Palibe mmodzi yemwe akanatha supuni ziwiri.

Kakonzedwe kake ankakadziwa. Aka sikanali koyamba tsabola kuphulika m'mphika pachilumba chimenechi, ndipo mayi awo anawaonetsa chochita iwo akadali mtsikana. Koma pa sitepe iliyonse ya kukonzako pamafunika kulawa. Anayang'ana kunyanja. Bwato la a Sidoine linali litasanduka kadontho. Anayang'ana kumsewu. Oyandikana nawo onse anali atatsika kugombe ndi miphika yawo. Akanatha kungothira madzi mwa kuyerekeza n'kuyembekezera mwayi, koma ndiye kuti anthu amene alibe kwina kodyera lero akanadya zamadzimadzi, kapena kubwerera ndi njala. Pamalo ponsepo panali lilime limodzi lokha limene linakulira pa mphika umenewu, ndipo mwini wake anali m'nyumba akuwerenga mabotolo a mankhwala.

Anadzilemba chizindikiro cha mtanda, napukuta maso ndi nsonga ya epuloni.

"Ginette! Tavala epuloni ili pamsomaliyo ubwere kuno. Ndikufuna undilawire."

Ginette anatuluka akumanga zingwe kumbuyo. "Kale munkandimenya dzanja ndikayandikira mphika. Lero kwagwanji?"

"Tsabola waphulika. Lawa."

Analawa. Anatsokomola, nathamangira ku mpopi, nabwerako maso ali psuu.

"Mayo ine! Amayi, izi ndiye zophera makoswe!"

"Ndikudziwa. Tikonza. Koma uzindiuza iwe, chifukwa ine sindikumva."

"Simukumva bwanji? Moto wonsewu?"

"Moto ndaumva. Mchere sindiumva. Ndimu sindimumva. Fungo lililonse sindilimva. Kuyambira Novembala."

Ginette anatsitsa supuni. Nkhuni zinathetheka. Mawu ake anatuluka onse nthawi imodzi.

"Kuyambira Novembala? Ndiye mwakhala mukudyetsa anthu miyezi yonseyi? Nanga gasi atatuluka usiku? Nanga nsomba itaonongeka? Ndimakuimbirani tsiku lililonse, Amayi, tsiku lililonse mumati zonse zili bwino!"

"Mlandu tiweruza anthu akadya. Gwira beseni ilo."

Ananena mosakweza mawu, mmene ankanenera Ginette ali wamng'ono, ndipo manja a Ginette anagwira beseni mwini wake asanavomere.

Anavuula nkhanu zonse n'kuziika pambali. Mayi Léocadie anayamba kuyengula mafuta pamwamba pa msuzi, chipande ndi chipande, poti ukali wa tsabola umakhala m'mafuta. Msuzi anausefa pansalu yoyera kuti timbewu titsale, theka lake n'kulichotsa. Zigoba zija anali asanataye. Anaziika m'poto wina pa gasi pamodzi ndi mitu ya nsomba, Ginette akudula anyezi ndi tomato watsopano. Ankadula mwaukali, mpeni ukugunda thabwa ngati ukuyankha munthu, koma ankadula bwino, timagawo tofanana, mmene anaphunzitsidwira. Mayi ake anaona.

Msuzi watsopano utawira anayamba kuuthira mu wakale pang'onopang'ono.

"Lawa."

"Ukuwawabe."

"Kuwawa kwa pansonga pa lilime kapena kwa kummero?"

"Kummero."

"Ndiye tikupita. Thira china."

Ginette anathira, natakasa, nalawa. Thukuta linali likutsika m'khosi mwake. Nsapato za m'tauni anali atazivula osadziwa n'komwe nthawi imene anazivulira.

"Tsopano bola. Koma mchere wathawa."

"Wathawa motani? Usandiyankhe ngati dokotala, ndiuze zomveka."

Ginette anatseka maso, akutafuna m'kamwa mopanda kanthu. "Ukumveka ngati uja munaphika chaka chimene atate anali kuchipatala."

Mayi Léocadie anamuyang'ana. Sankadziwa kuti mwanayo anazindikira chaka chimenecho. Anali wamng'ono, ndipo anadya osadandaula.

"Aa. Ndiye wathawadi." Anatapa mchere ndi zala n'kuuwaza. "Nanga ndimu?"

"Pang'ono. Ayi, dikirani kaye, ndilawenso. Eya, pang'ono. Adyonso sakumveka, Amayi, wamira."

"Adyo sathiridwa pano, akhala wosapsa. Mukazinge kaye pambali."

"Ndikudziwa."

"Ukudziwa? Ndiye wangoima chifukwa chiyani?"

Anabwezeramo nkhanu. Anadikira msuzi kuti ugwirane. Ginette analawa. Anatunganso kachiwiri, ndipo ulendo umenewu sikunali kulawa, kunali kumwa. Mayi Léocadie sanafunsenso. Ananyamula mpunga wotsuka kale n'kuukhuthulira mumphika, nachepetsa moto, navundikira.

Anthu anayamba kufika dzuwa lili pamutu. A Théodule anali oyamba, ndi ndodo yawo, atavala jekete ngakhale kunkatentha. Ataona Ginette akubwera ndi mbale anaima pakhomo n'kuloza ndi ndodo.

"Kodi uyu si kamwana kaja kanalira tsiku lonse nkhanu itakapana chala?"

"Ndine ndemwe, agogo. Chala chinapola."

"Mwamuna unapeza?"

"Ndikudikira inu."

"Fulumira mwanawe, mano atsala awiri."

Mabenchi anadzaza. Poyamba panali phokoso, moni, kufunsana za odwala ndi za amene anapita chaka chino. Mbale zitafika phokoso lija linatha, n'kutsala la zala za nkhanu zikuphwanyika ndi la milomo ikuyamwa. Munthu wodya nkhanu salankhula. Mafoloko anakankhidwira pambali, msuzi unkatsika mpaka m'zigongono. Ginette ankayenda pakati pa matebulo ndi madzi ndi ndimu wodula, maso ake ali pankhope za anthu, kudikira woyamba kutsokomola. Panalibe.

Atabwerera kukhitchini anapeza mayi ake akuphwanya zala za nkhanu pambale imodzi, kuchotsa mnofu, n'kuubisa pansi pa mpunga, pamwamba n'kuikapo chala chimodzi chathunthu kuti mbaleyo ioneke ngati zinzake.

"Ya ndani imeneyo?"

"Ya mayi Eulalie. Manja akunjenjemera masiku ano. Ukaike pamaso pawo osanena kanthu."

Ginette anakaika. Anaona mayi wokalambayo akufukula mpunga ndi supuni, napeza mnofu, nayang'ana chakukhitchini kamodzi kokha, n'kuyamba kudya mutu uli chiweramire.

"Léocadie!" anafuula a Théodule ali kutebulo lawo. "Chaka chino muli kaukali!"

"Kakukuvutani?"

"Kandivuta kwambiri. Onjezerani."

Dzuwa litapendeka anthu anabalalika mmodzimmodzi, ena kukagona pansi pa mitengo, ena kukaviika mapazi m'nyanja. Ginette anakokera chimphika chija pampopi n'kuyamba kuchikwecha ndi mchenga. Mayi Léocadie anakhala pa benchi lapafupi, manja ali pamaondo. Sanadikire kuti afunsidwe.

"Pangano linali lakuti ukaona cholakwika titseke. Waona. Sindikukana. Ukanena kuti titseke, titseka."

Ginette anapitiriza kukwecha.

"Chimene chandipweteka si tsabola, Amayi."

"Ndikudziwa."

"Mwandibisira. Ine mwana wanu."

"Ndinkaopa chipinda chako chija. N'chokongola, ndipo ndinaona kuti makatani unasoka wekha. Koma ndikanakakhala pazenera paja n'kumawerenga magalimoto mpaka Ambuye adzandiitane. Ndinalakwa kukubisira. Pepa mwanangu."

Mawu akuti pepa Ginette anali asanawamvepo kuchokera pakamwa pamenepo. Anasiya kukwecha, napukuta mphuno ndi kumbuyo kwa dzanja, mchenga n'kutsala patsaya.

Nthawi yomweyo a Sidoine anakwera kuchokera kugombe, atapsa ndi dzuwa, akununkha mafuta a injini. Anayang'ana mayi, nayang'ana mwana, nayang'ana epuloni imene mwanayo anavala, ndipo anavula chipewa, chinthu chimene sankachita ngakhale pamaliro a anthu ena.

"Kwatsala kanthu, kapena agalu amaliza?"

Mayi Léocadie anawabweretsera mbale imene anawasungira. Ginette anaimirira pamaso pawo manja ali m'chiuno.

"Bambo aang'ono, inu munkadziwa."

"Kudziwa chiyani?"

"Musandipusitse. Munkadziwa za lilime la amayi."

"Ine chimene ndikudziwa n'chakuti amayi ako satha kuphika. Ndakhala ndikunena poyera tsiku ndi tsiku, aliyense ndi mboni." Anaika mpunga m'kamwa, natafuna, naima. "Uwu si mphika umene ndinausiya m'mawa. Wakhudza ndani?"

"Ine."

"Ndaona. Adyo wachuluka."

"Sanachuluke!"

"Wachuluka. Koma ukhoza kudyeka. Magazi ndi amodzi, nonse ndinu oononga zakudya."

Ginette anafuna kukwiya koma kuseka kunamutsogolera, ndipo kusekako kunabwera ndi misozi. Anakhala pansi pa benchi pakati pa awiriwo. Kwa kanthawi kunkamveka mafunde okha ndi a Sidoine akuyamwa chala cha nkhanu.

"Mverani tsono," anatero Ginette. "Sabata ino ndibwera kudzakutengani, mukamuuze dokotala zonse. Zonse, Amayi, osati muzikamufunsa za ana ake. Ndibweretsanso munthu adzaike kachipangizo kolira gasi akatuluka. Nsomba iliyonse yolowa m'khitchini muno iyambe yadutsa pamphuno ya bambo aang'ono. Ndipo inu muzibwera tsiku lililonse, ndi Lamulungu lomwe."

"Ine ndalakwa chiyani kuti ndilandire chilango chimenechi?" anadandaula a Sidoine.

"Ndipo misampha ija muitcherenso. Pa Pentekoste nkhanu zikhalepo. Ndidzafika Loweruka lake, tsabola ndidzayang'anira ndine."

Mayi Léocadie anayang'ana manja awo, nawatembenuza, milomo ikugwedezeka pang'ono ndi mawu amene sanali a anthu awiriwo. Kenako anati, "Dokotala ndikamuuza. Koma Lachitatu ayi, ndi tsiku la nyemba, anthu amadalira."

"Lachinayi."

"Lachinayi."

Anadzuka, nalowa m'khitchini. Ginette anamva mbale zikugundana, ndipo atasuzumira anapeza akupakula mpunga wotsala m'kapoto, akusankha nkhanu yonenepa n'kuika pamwamba, n'kumanga zonse m'nsalu.

"Mwatsala ndi njala?"

"A Anatole sanabwere. Malo awo pakona paja anakhala opanda munthu tsiku lonse. Sanaphonyepo chiyambire, ndiye kuti mwendo uja wawagwiranso."

"Amakhala pamwamba pa phiri, Amayi. Ndikutengani pa galimoto."

"Galimoto sifika, njira inakumbika ndi mvula. Iwe nyamula poto."

Ginette anavala nsapato zake, nanyamula kapoto kaja ndi manja awiri kadakali kotentha. Anawasiya a Sidoine akutolera zigoba patebulo n'kumadandaula okha. Mayi Léocadie anatsogola, akukwera mosafulumira koma mosaima, akulonjera anthu m'makonde mbali zonse ziwiri, ndipo Ginette ankabwera m'mbuyo mwawo, akupuma mwamphamvu kuposa iwo.